Sikani yaonetsa timadzi kukhosi kwa mwana: ndiyezetse zina kapena ndisiye?

Zokambirana pa gulu la amayi oyembekezera ndi olera ana a mu Lilongwe

Mayi a Tadala, Area 49:
Mwaswera bwanji amayi nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Ndili ndi zaka 38, mimba yachitatu, masabata 13. Sikelo ndinayamba ku chipatala cha boma, koma Lachiwiri ndinapita ku chipatala cholipira kukapangitsa sikani kuti ndidziwe tsiku lochira, poti msambo wanga sunkayenda bwino. Adokotala anakhalitsa akuyeza kumbuyo kwa khosi la mwana, osayankhula. Kenako anati timadzi ta pamenepo tachulukirapo, ndipo akaphatikiza ndi zaka zangazi n'kutheka mwanayu akhoza kukhala ndi Down syndrome, vuto lobadwa nalo lomwe limachedwetsa kukula ndi kuphunzira kwa mwana. Andipatsa njira ziwiri. Atenge magazi anga atumize ku South Africa, pa mtengo woposa malipiro anga a mwezi wathunthu. Apo ayi ndidikire masabata 15 akwane, andilowetse singano pamimba n'kupopako madzi amene mwana amakhalamo. Bambo a Tadala akuti tisiye zonsezo, mwana ndi mwana. Ine mtima sukukhazikika. Alipo anadutsamo?

Nachisale, Chinsapo:
Pepani asisi, khazikitsani mtima pansi. Ine ana anga onse 5 ndinawabereka osaonapo sikani ngakhale kamodzi, ndipo akuthamanga panjapa. Makinawa abwera kudzatiwonjezera nkhawa. Za singano pamimbazo musalole ndithu.

Nabanda, Area 36:
Ndiponso ndinamva kuti sikani ukaipanga kawirikawiri imamuwotcha mwana. Ndi zoona?

Mzamba wopuma ntchito, Kawale:
A Nabanda, si zoona. Sikani si X-ray. Imatumiza phokoso lomwe khutu silingamve, phokosolo likagunda mwana limabwerera, makina n'kupanga chithunzi. Siwotcha. Mu 2016 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera aunikidwe ndi sikani kamodzi masabata 24 asanakwane, komanso kuti azionana ndi azaumoyo maulendo 8 asanachire.

Mayi a Tadala, mwana wanga, choyamba mumvetse ichi: palibe amene wakuuzani kuti mwana wanu ali ndi Down syndrome. Zoyeza za amayi oyembekezera zili mitundu iwiri, ndipo anthu timaisokoneza. Mtundu woyamba umangosankhula kuti mayi uyu chiopsezo chake n'chokwera, uyu n'chotsika. Zili ngati mitambo yakuda pamwamba pa phiri la Bunda: ukaiona umathamanga kukaanula zovala, koma masiku ambiri mvula sigwa n'komwe. Sikani ya kukhosi ili m'gulu limeneli, magazi otumiza ku South Africa alinso momwemo. Mtundu wachiwiri ndi wotsimikiza, umanena kuti eya kapena ayi. Singano ija ili m'gulu limeneli, dzina lake ndi amniocentesis.

Tandiuzani, papepala la sikani alembapo mamilimita angati? Kuyeza kumeneku kumagwira ntchito pakati pa masabata 11 ndi 14 okha, ndipo kumafuna munthu amene anaphunzitsidwa bwino, chifukwa mwana akangopinda khosi kapena kulitambasula kwambiri nambala imasintha.

Mayi a Tadala, Area 49:
Zikomo amayi. Alembapo 3.1 mm.

Mzamba wopuma ntchito, Kawale:
Yakwererapodi, koma sinafike pa 3.5 mm pomwe madokotala ambiri amadera nkhawa kwenikweni. Ana ambiri amene amayezedwa nambala ngati yanuyi amabadwa opanda vuto lililonse. Za zaka zanu, zoona zake ndi izi: mayi wa zaka 35 chiopsezo chimakhala pafupifupi mwana 1 pa ana 350, wa zaka 40 pafupifupi 1 pa 100. Inu muli pakati pamenepo, ndipo khosilo lakankhira nambala m'mwamba pang'ono. Sindikukunamizani kuti palibe kanthu. Ndikungoti chitseko sichinatsekedwe.

Mayi a Chisomo, Area 25:
A Nachisale, ndimakulemekezani, koma lero ndikutsutsani. Chisomo wanga ali ndi Down syndrome, ali ndi zaka 6. Ine sindinadziwe kalikonse mpaka atabadwa, ndipo ngakhale atabadwa palibe anandiuza. Ndinachirira pa chipatala china chaching'ono, m'mawa mwake ananditulutsa. Mwana anali wofooka, ukamunyamula mutu umangoti lende. Akayamba kuyamwa, pakangopita kanthawi kochepa thukuta lili kamukamu pachipumi, akupuma mofulumira, n'kusiya bere. Kusikelo ya ana sankakwera, ankangondiuza kuti muziyamwitsa pafupipafupi. Kunyumba apongozi akuti ndinasempha miyambo ndili ndi pakati, ena akuti kwathu kuli zimenezi. Atakwana miyezi 4 ndi pomwe dokotala wina anamumvetsera pamtima n'kutitumiza kukajambula, anapeza kuti mtima uli ndi bowo. Anandiuza kuti pafupifupi theka la ana a Down syndrome amabadwa ndi vuto la mtima. Theka! Ndipo ine miyezi 4 yonse ndinkadziimba mlandu kuti mkaka wanga ndi wochepa.

Ndikanadziwa ndili ndi pakati, Chisomo ndikanamubereka ndithu. Koma ndikanakachirira ku Kamuzu Central komwe kuli madokotala a ana, mtima wake akanauona sabata yoyamba, ndipo ndikanakhala pansi ndi bambo ake ndi apongozi mwana asanabwere, adokotala n'kuwafotokozera kuti izi zimayamba pa tsiku lomwe mimba yakhala, palibe chimene mayi anadya kapena kulakwa. Lero Chisomo amayenda, amavina kutchalitchi, amadziwa mayina a ana onse a pamzere pathu. Musamve ngati ndikudandaula za iye. Ndikudandaula miyezi imene tinayenda mumdima.

Nachisale, Chinsapo:
Pepani mayi a Chisomo, sindinaganize mbali imeneyo. Komabe mantha anga pa singano sanathe.

Nangozo, Biwi:
Inenso ndinene zanga, chifukwa kudziwa kuli ndi mtengo wake. Pa mimba yanga yachiwiri ndinakapangitsa sikani pa kachipatala kena kolipira, masabata 20. Wojambulayo anangoti, "Nsengwa yanu ili pansi, yatseka njira, mukhoza kutaya magazi n'kufa," kenako n'kuitana wotsatira. Ndinatuluka ndi kapepala m'manja, ndinakwera minibasi ndikulira. Ndinasiya geni yanga yamumsika, ndinkangogona, BP inayamba kukwera chifukwa cha maganizo. Nditafika masabata 32 mzamba wina anandibwereza sikani, nsengwa inali itakwera yokha. Anandiuza kuti nsengwa zambiri zooneka pansi pa masabata 20 zimakwera chiberekero chikamakula. Mawu amenewo akanandiuza tsiku loyamba lija, miyezi 3 ija sindikanaitaya. Makina analibe mlandu, koma pakamwa pa munthu amene anawagwira. Ndiye mayi a Tadala, musanayezetse china chilichonse funsani kuti zotsatira zikabwera adzakhala nanu pansi ndani, ndipo adzakupatsani nthawi yofunsa mafunso kapena ayi.

Bambo a Yankho, Area 18:
Pepani amayi, ndine mmodzi mwa abambo ochepa pa gulu lino, ndimagwira ntchito mu labu. Ndifotokozeko za magazi otumiza kunjawo, amawatcha NIPT. Munthu amakhala ndi ma chromosome 46, tinthu ta m'maselo tonyamula chibadwa chake (DNA), awiriawiri, awiri aliwonse ali ndi nambala yawo. Mwana wa Down syndrome amakhala ndi 47, chifukwa a nambala 21 amakhala atatu. Kuyambira masabata 10, m'magazi a mayi mumayandama tizidutswa ta DNA tochokera ku nsengwa, ndiye makina amawerenga ngati ta nambala 21 tachuluka kuposa muyezo. Pa ana 100 amene alidi ndi Down syndrome, amagwira pafupifupi 99. Kwa mwana kulibe chiopsezo chilichonse, poti ndi magazi a pamkono basi.

Koma musanalipire dziwani zitatu izi. Zikatuluka kuti chiopsezo n'chotsika, mukhoza kupuma ndithu pa nkhani ya Down syndrome. Zikatuluka kuti n'chokwera, mufunikabe singano ija kuti mutsimikize, chifukwa DNA imene ayeza ndi ya nsengwa, ndipo nthawi zina nsengwa imasiyana ndi mwana. Ndiye ngati mukudziwiratu kuti singano simudzalola zivute zitani, mukhoza kulipira ndalama zonsezo n'kutsala ndi "mwina" wamkulu kuposa amene muli naye lero. Chachitatu, magaziwa amayang'ana makamaka ma chromosome a nambala 21, 18 ndi 13. Za mtima, msana, impso kapena ubongo wa mwana sanena kanthu. Nthawi zinanso DNA ya nsengwa imachepa m'magazimo, zotsatira osatuluka, n'kukuuzani kuti mubwereze.

Namoyo, Mtandire:
Ine funso langa ndi lina. Tiyerekeze mwayezetsa zonsezo, mwatsimikiza. Ndiye mutani? Kumayiko a azungu amayezetsa kuti akapeza vuto achotse. Kuno n'koletsedwa, komanso ndi tchimo. Ndiye ndalamazo bwanji osasungira mwanayo?

Mayi a Upile, Area 47:
A Namoyo, mawu oti tchimo tiwasamale pa gulu pano. Mchemwali wanga anauzidwa pa miyezi 5 kuti mwana wake chigaza ndi ubongo sizinapangike, sadzakhala ndi moyo akabadwa. Anayenda nayo mimbayo mpaka kumapeto, anthu akumufunsa kuti mwagula kale zovala, iye akudziwa kuti akukonzekera maliro. Amene sanadutsemo asafulumire kuweruza zimene munthu amaganiza usiku pa nthawi ngati imeneyo.

Namoyo, Mtandire:
Sindinaweruze munthu asisi. Ndanena chikhulupiriro changa, ndipo sindisintha. Koma pepani kwa achemwali anuwo, ndi zowawa.

Woyang'anira gulu:
Amayi, aliyense ali ndi ufulu wonena chimene amakhulupirira, koma tisatchulane mayina oipa. Pa za malamulo: Penal Code ya dziko lino imalola dokotala kuthetsa mimba pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Ulumali wa mwana pawokha suli m'gulu la zololedwa. Bilu yomwe inkafuna kusintha zina mwa izi aphungu anakana kuikambirana mu 2021. Tibwerere ku funso la mayi a Tadala.

Mzamba wopuma ntchito, Kawale:
Funso la a Namoyo ndi labwino ngakhale ndikuliyankha mosiyana nawo. Ndi funso lomwe mayi aliyense ayenera kudzifunsa asanatambasule mkono: zotsatirazi zikabwera, ndidzachita chiyani chosiyana? Ngati yankho ndi loti palibe, kuyezako mwina sikukuthandizani. Koma nthawi zambiri yankho limakhalapo, ndipo kuno kwathu yankho lalikulu ndi malo ochirira.

Ndagwira ntchito zaka zambiri m'chipinda chochirira, ndipo zimene zinkandipweteka ndi zija zotidzidzimutsa pakati pa usiku. Mwana wabadwa matumbo ali kunja, pa chipatala chaching'ono, ambulansi ili kwina. Timamukulunga bwinobwino, koma pofika kwa madokotala a opareshoni wazizidwa, wataya madzi m'thupi. Mwana yemweyo akanaoneka pa sikani ya masabata 18 mpaka 22, mayi akanakadikirira pafupi ndi Kamuzu Central, ku mbali yake yochirirako amayi ya Ethel Mutharika, madokotala a ana atadziwiratu. Chimodzimodzi mwana wa chotupa pamsana, wa madzi m'mutu, amapasa, mwana wogona mopingasa, nsengwa imene yatsekadi njira. Zonsezi sikani imatha kuona, ndipo chilichonse mwa izi chimasintha kumene mayi akachirire komanso ngati afunika opareshoni. Ngakhale achemwali a mayi a Upile aja, zowawa zinali zosaneneka, koma sanadzidzimukire pabedi lochirira, ndipo anamwino anadziwa mmene angawasamalire.

Ndinenenso kuti sikani siona zonse. Mabowo ang'onoang'ono a mumtima amaphonyeka, kusamva ndi kusaona sizioneka, ndipo ana ena a Down syndrome amaoneka bwinobwino pa sikani. Ikatuluka bwino tithokoze, koma si chikalata cholonjeza.

Mayi a Tadala, kwa inu pali chifukwa china chapadera. Timadzi ta kukhosi tikachuluka, nthawi zina chimakhala chizindikiro cha vuto la mtima ngakhale ma chromosome ali bwino. Choncho kaya muyezetsa magazi kaya ayi, sikani ya masabata 20 yoyang'anitsitsa mtima wa mwana musaiphonye. Pemphani akulembereni kalata yopita kwa dokotala wa amayi.

Nachisale, Chinsapo:
Nanga singanoyo amayi, tiuzeni zoona. Siipha mwana?

Mzamba wopuma ntchito, Kawale:
Imachitika kuyambira masabata 15. Dokotala amayang'ana pa sikani nthawi yonse kuti singano ilowe pamalo pomwe pali madzi okhaokha, kutali ndi mwana, n'kupopa pang'ono, pafupifupi mamililita 15 mpaka 20. Madziwo thupi limabwezeretsa. M'madzimo muli maselo a mwana mwiniwake, n'chifukwa chake yankho lake limakhala lotsimikiza. Choopsa chake ndi kupita padera. Nambala imene amayi amauzidwa kawirikawiri ndi yosaposa mimba 1 pa mimba 200, ndipo imatsika dokotala akakhala wozolowera ntchitoyi. Pamenepo ndiye pofunsa mosachita manyazi: adokotala, inuyo mumachita zimenezi kangati pa chaka? Madziwo akayezedwera kuti, ndipo yankho lidzabwera patapita masiku angati? Ilipo njira ina yotenga kachidutswa ka nsengwa pakati pa masabata 11 ndi 14, koma kwa inu nthawi yake ikutha kale.

Naphiri, Likuni:
1 pa 200 ikumveka yaing'ono kwa amene sanatayepo. Ine ndinapita padera kawiri, ndinadikira zaka 7 kuti ndinyamule mwana. Pa mimba imene inagwira ndinali ndi zaka 41, adokotala anandifotokozera zonsezi mwaulemu, ine ndinakana singano. Ndinawauza kuti mwana ameneyu kaya abwera bwanji ndimulandira, koma kumuika pachiswe ngakhale pang'ono chifukwa chofuna kudziwa, mtima wanga sungathe. Ndinapanga sikani ya masabata 20, ndinakachirira ku chipatala chachikulu kuti ngati pali vuto atithandize msanga. Sindikuti aliyense achite ngati ine. Mnzanga wa kuntchito anayezetsa singano, zinayenda bwino, ndipo iye akuti akanapanda kudziwa akanadwala ndi maganizo. Tonse tinasankha bwino, aliyense monga mwa mabala ake.

Bambo a Yankho, Area 18:
Ndiwonjezere chimodzi chomwe chimandiwawa ndikakhala kuntchito. Timakambirana zoyeza zodula, pamene zoyeza zimene zikupulumutsa ana ambiri mu mzinda uno ndi zaulere, zija za tsiku loyamba kusikelo. Chindoko mayi amatha kukhala nacho osadziwa, ndipo chimapha mwana m'mimba kapena kumubadwitsa wodwala. Kuyeza kwake ndi kadontho ka magazi a pachala, mankhwala ake ndi jakisoni wa penicillin, bambonso alandire kuti asapatsirenso mayi. HIV chimodzimodzi. Malawi ndi dziko loyamba lomwe mu 2011 linayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo, ndondomeko ya Option B+, ndipo ana ochuluka abadwa opanda kachilombo chifukwa cha zimenezi. Kuyeza BP ndi mkodzo kumagwira matenda aja otupitsa nkhope ndi manja mayi asanayambe kukomoka. Kuyeza kuchuluka kwa magazi kumauza azamba amene sangapirire kutaya magazi pochira. Apa palibe chokayikitsa, phindu ndi lalikulu ndipo choopsa palibe. Koma amayi ambiri amayamba sikelo mimba itaonekera kale, miyezi 5 kapena 6, ena poopa kuti anthu akadziwa msanga awachita chipongwe. Tsegulani buku lanu la kuchipatala muone ngati malo a chindoko adzazidwa. Ngati tsiku limenelo zoyezera kunalibe, funsaninso ulendo wotsatira.

Ndipo kwa amene ali pa ma ARV n'kumaganizira za singano ija, auzeni adokotala. Amafuna kuti tizilombo tikhale titatsikiratu m'magazi asanabaye.

Nabanda, Area 36:
Abambo ambiri sikani amaifunira chinthu chimodzi, kudziwa ngati ndi wamwamuna. Anga atamva kuti ndi wamkazinso anakhala sabata osandiyankhula bwino. Ulendo uno ndawauza ojambula kuti zimenezo asanene.

Mayi a Tadala, Area 49:
Amayi, ndawerenga zonse, zina ndawawerengera bambo a Tadala. Nkhani ya mayi a Chisomo yawakhudza, avomera kuti tipitire limodzi kwa adokotala Lolemba. Mmene ndikuonera pano, singano sindiyamba nayo. Sikani ya masabata 20 ya mtima ndipanga zivute zitani. Za magazi a ku South Africa tikuwerengera ndalama, chifukwa ine ndikudzidziwa, miyezi 6 ya "mwina" sindingaipirire, ndipo zikatuluka zotsika ndidzagona tulo. Zikatuluka zokwera, pamenepo ndidzaganiza za singano, mwinanso ndidzangokonzekera ngati mmene anenera a Naphiri. Mayi a Chisomo, ndingakulembereni kumbali?

Mayi a Chisomo, Area 25:
Lembani asisi, nthawi ina iliyonse. Mukafuna mubwere kunyumba mudzamuone.

Nasibeko, Area 23:
Pepani ndalowerera. Ine sindinatenge mimba, ukwati wathu ndi wa mu Okutobala. Mwana wa achimwene anga ali ndi sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo, amagonekedwa pafupipafupi. Kodi inenso ndidikire mimba ndiye ndikayezetse singanoyo? Ndipo pa kadi langa lopereka magazi analemba kuti gulu la magazi anga ndi O negative, anzanga akuti ndidzavutika kubereka.

Mzamba wopuma ntchito, Kawale:
Mwachita bwino kufunsa pano mimba isanakhale, chifukwa zanu zonse ziwiri zimayamba ndi magazi a pamkono, osati singano ya pamimba. Ngati mwana wa achimwene anu ali ndi sickle cell, ndiye kuti achimwene anuwo ananyamula mbewu yake, ndipo n'kutheka inunso munanyamula osadwala. Kayezetseni inu ndi abwenzi anuwo. Mukakhala kuti mwanyamula ndinu nokha, ana anu sadzadwala sickle cell, ena adzangonyamula ngati inu. Mukanyamula nonse awiri, pa mimba iliyonse pamakhala chiopsezo cha 1 pa 4. Ndati iliyonse: woyamba akadwala sizitanthauza kuti atatu otsatira apulumuka. Zikatero mwana amayezedwa msanga akabadwa, n'kuyamba kumuteteza ku malungo ndi matenda ena asanayambe kugonekedwa.

Za O negative, kubereka mubereka. Nkhani ndi yoti mwana akatengera magazi a positive a bambo ake, thupi lanu likhoza kupanga asilikali olimbana ndi magazi amenewo, ndipo amene amavutika kawirikawiri ndi mwana wa mimba yotsatira. Pali jakisoni wa anti-D woletsa zimenezi. Amaperekedwa pasanathe maola 72 mutachira, komanso mukapita padera, mukataya magazi muli ndi pakati, kapena mukabayidwa singano ya pamimba ija. Sapezeka paliponse nthawi zonse, ndiye muwauze azamba tsiku loyamba la sikelo kuti alembe m'buku ndipo mudziwiretu kokamupeza. Ndipo yambani kumwa folic acid, mamaikulogalamu 400 pa tsiku, miyezi ingapo ukwati usanachitike, chifukwa msana wa mwana umatsekeka m'masiku 28 oyambirira, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima.